Maliro a Belu la kwa Nikhuwa

Pulani inabadwira pa benchi langa Lachisanu masana, pakati pa botolo lachiwiri ndi lachitatu. Ine ndine Phoebe, ndimagulitsa kachasu ku Bangwe kuseri kwa msika, ndipo benchi limenelo laba zinthu zambiri. Laba banki kawiri, laba sitolo ya ku Limbe, tsiku lina linaba ndege. Kukacha akubawo amabwera kudzandipempha machesi. Ndiye musandifunse chifukwa chake sindinathamangire kupolisi.

Analipo anayi. Mkulu wawo anali Jameson, amene timamutcha Pulofesa chifukwa amavala magalasi komanso Sitandade 8 anaiphunzira mozama, zaka zitatu. Panali Ramsey, dzina lake Dzimbiri, woyenda ndi wilibala kutola zitsulo zakutha. Panali Everson, wotchedwa Suti, mwini jekete limodzi la buluu la pakaunjika limene amalivala ngakhale mu Okutobala. Wachinayi anali Laurenti, mwana wakwathu kwa Nikhuwa, amene anzake anamutcha Mapu chifukwa ndiye ankadziwa njira.

"Aise, mvetserani," anatero Pulofesa, akujambula pansi ndi kamtengo. "Belu la kwawo kwa Mapu ndi mkuwa weniweni. Munthu wa sikirapu wogula zitsulo ku Ndirande akungodikira. Vuto ndi limodzi, chipitireni mlatho ndi namondwe Freddy galimoto imathera kutsidya kwa mtsinje, ndipo njira yotsika ndi katundu ndi imodzi, yodutsa pakati pa mudzi. Funso ndi ili: ndi katundu wanji amene palibe munthu angamutsegule?"

"Chikwama cha apongozi," anatero Dzimbiri.

"Bokosi la maliro, mbuli iwe. Tikwera nalo lopanda kanthu kuseri kwa phiri, tiikamo belu, titsika nalo masanasana. Anthu azitivulira okha zipewa."

"Ndiwe dolo, Pulo," anatero Suti.

Laurenti anayang'ana kumene ndinali. "Anti Phoebe akumva, mani. Ndi akwathu."

"Wailesi ikulira, sakumva," anatero Pulofesa. Mkazi wogulitsa mowa amuna amamuyesa tebulo. "Ndipo usade nkhawa, Mapu. Unanena wekha kuti belulo agogo ako anachita kuba. Ife tikungopitiriza ntchito ya pabanja."

Apo yekha sananame. Kwa Nikhuwa ndi kamudzi ka kuseri kwa phiri la Bangwe, nyumba zake mukhoza kuziwerenga mutaima pa chulu. Makolo athu anachokera ku Mozambique, kuthawa Mpwitikizi wina wa munda wa thonje amene ankawadzutsa ndi belu, kuwagoneka ndi belu, ndipo wina akathawa ankaliza belu lomwelo kuti asilikali ake atuluke ndi agalu. Tsiku lothawa, mnyamata wina dzina lake Zuze anati tiyambe tatenga pakamwa pa mzunguyo. Anatsitsa belu, anavula malaya ake, amodzi omwewo, nakulunga lilime la belulo kuti lisalire. Anayenda masiku khumi ndi anayi, Zuze ali chifuwa pamtunda, mvula ikumuthera pamsana. Anthu asanu anafera panjira ndipo anawasiya osawaika, chifukwa kuima kunali kugwidwa. Atafika kuseri kwa phiri kuno analumbira chinthu chimodzi. Mbiri imeneyi imanenedwa chaka ndi chaka pa tsiku la mudzi, koma Laurenti ankafika nthawi ya mpunga.

Zuze uja ndi bambo awo a Ambrosi, amene akhala akuliza belulo zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Limalira Lamulungu ndi pamaliro basi. Palibe munthu wa kwa Nikhuwa amene analowa m'manda a Ambrosi osamulizira. Chaka chimenecho chifuwa chinali chitawagwira, ndipo aliyense wokawazonda ankamuuza mawu omwewo: "Ine bokosi lodula ayi, ngakhale mphasa. Bola belu lidzandilirire." Chingwe ankafuna kusiyira Laurenti, mwana wa malemu mlongo wawo, koma Laurenti anali wotanganidwa pa benchi langa.

"Wina akatifunsa kuti wamwalira ndani?" anafunsa Laurenti.

"Zoyankhula siyirani ine," anatero Pulofesa. "Iwe uvale chipewa ndi magalasi akuda, utseke pakamwa."

Lachiwiri lotsatira ndinali kumudzi, kukatenga mbatata kwa mayi anga. Za kumtunda kutchalitchi anandifotokozera Dzimbiri pambuyo pake, ali ndi nthawi yambiri yofotokozera. Bokosi analitenga kwa alamu ake a Pulofesa, kalipentala wa ku Ndirande, ponama kuti akukaonetsa kasitomala. Anakwera nalo m'mawa kuseri kwa phiri, akuterereka m'miyala, nafika dzuwa lili pamutu. Anthu anali kumadimba. A Ambrosi anali mtulo pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pamimba.

Belu linkapachikika pa mtanda pakati pa milongoti iwiri ya bulugama. Polimasula linangoti "ngi", pang'ono chabe, ndipo akuluakulu anayi anagwa chafufumimba m'udzu.

"Suti, vula jekete," ananong'ona Pulofesa.

"Bwanji osavula iwe malaya?"

"Anga ndi opyapyala. Vula, tidzakugulira atatu."

Suti anavula ngati akumusenda khungu. Anakulunga lilime la belu, analigoneka cham'mbali kumutu kwa bokosi, anatsekera ndi zisanza, nakhoma chivundikiro ndi misomali iwiri. Suti anatsala ndi vesiti ya mabowo. Ananyamula anayi, awiri akutsogolo akubuula, awiri akumbuyo akuimba mluzu, mpaka Pulofesa anawakumbutsa kuti ali pamaliro.

Nyumba khumi zoyamba zinayenda bwino. Mwamuna wina anatsika panjinga, navula chipewa. Pulofesa anatsinzinira anzake. Kenaka anafika pa mjigo, ndipo pa mjigo panali mayi Modesta, amene amayendetsa zamaliro m'mudzi mwathu. Ine ndinali pomwepo ndi dengu langa. Nditaona nkhope zinayi zija pansi pa bokosi, ndinatula dengu pansi. Mbatata zikanadikira.

"Pepani abambo, zovutazi zachokera kuti?" anafunsa mayi Modesta, akumanga bwino chitenje. "Ndipo inu achimwene akumbuyo, munyamula bwanji maliro mutavala chipewa?"

Laurenti anavula chipewa, magalasi n'kugwa nawo.

"Laurenti? Mphwawo wa a Ambrosi? Wamwalira ndani, mwanawe?"

Pulofesa anatsokomola, nthawi yake inali itakwana. Yankho limeneli analiganizira masiku anayi, ndipo anasankha munthu amene palibe angamulire. "Mayi, musavutike. Ndi mnzathu woswa naye miyala kuseri kwa phiriku. Mlendo, wochokera ku Mozambique. Alibe m'bale ngakhale mmodzi kuno. Tikungopita naye kumsewu kuti a boma akaone chochita."

Ndinaona Laurenti akugwira pakamwa. Pomalizira pake anali atakumbukira mbali ya mbiri imene imanenedwa mpunga usanafike. Lumbiro la makolo athu linali lakuti mlendo wopanda abale akadzafera pafupi ndi mudzi uno, sadzapitirira. Adzaikidwa m'manda athu, ndi nyimbo zathu, ndi belu lathu, m'malo mwa asanu aja amene anatsala panjira. Mudzi unali utadikira mlendo wotero zaka makumi awiri chiikireni womaliza.

"Wa ku Mozambique," anatero mayi Modesta, maso atadzaza misozi. "Wopanda abale. Tulani pansi, abambo. Wafika kwawo."

"Ayi mayi, ife tili pachangu. Thupi lakhala masiku atatu, latupa, silingaonedwe nkhope."

"Ndiye tiika lero lomwe. Dzina lake?"

"Allan," anatero Suti.

"Duncan," anatero Dzimbiri.

"Allan Duncan," anatero Pulofesa.

Mukadaona mmene kamudzi kathu kamagwirira ntchito. Amfumu athu ndi mlonda ku Limbe, anavomereza pa foni asanamve n'komwe nkhani yonse. Masamba anayalidwa panjira. Amuna anatuluka m'madimba ndi matope kumiyendo n'kulanda bokosi pamapewa a eni ake, monga timachitira, kulandizana mpaka kunyumba ya mayi Modesta. Mmodzi anadandaula kuti malemuwa kulemera konse kuli kumutu, kumiyendo kulibe kanthu. Wina anamuyankha kuti anthu anzeru amatero. Adzukulu anatenga makasu ndi mapiki kulowera kumanda, amayi akwaya anayamba nyimbo, ndipo mbava zinayi anazikhazika pamphasa yapatsogolo ngati anamfedwa.

Ndikanatha kuyankhula pamenepo. Mawu awiri okha kwa mayi Modesta, nkhani ikanatha. Koma ndinali nditamvera Pulofesa akudzitama zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinkafuna kumuona akulira maliro a belu. Analiradi, mayi wina wachikulire akumusisita pamsana kuti limbani mtima, tonse njira ndi yomweyo.

Kenaka anafika a Ambrosi, ndi ndodo yawo, akupuma movutikira. Anali atauzidwa kale amene wabweretsa mlendoyo. Anapita molunjika kwa Laurenti, anamugwira mutu ndi manja onse awiri.

"Ndinkati unatayika, mphwanga," anatero. "Ndinkauza anthu kuti tauni inakudya. Lero wanyamula mlendo paphewa kubwera naye kwanu, ngati agogo ako. Ndikhululukire. Ndikalize belu, ndipo mawa ndiyamba kukuphunzitsa chingwe."

Laurenti analira, ndipo iye yekha pamphasa ija sankachita kuyeserera.

A Ambrosi anakwera kumtunda pang'onopang'ono. Tinadikira kulira kwa belu. Amayi anamaliza nyimbo, anayamba ina, anaimalizanso. Atatulukira, anali atanyamula chingwe chokha, chikukhweshereka m'fumbi. Nyimbo inazima yokha.

"Kulibe," anatero. "Atenga."

Anyamata anadzambatuka kuti akasake m'njira zonse. Dzimbiri anaimirira woyamba. "Ifenso tithandize nawo kusaka. Anthu oipa amenewo."

"Khalani pansi, anamfedwa sathamanga," anatero mayi Modesta.

"Aliyense akhale pansi," anatero a Ambrosi. "Makolo athu anasiya anthu panjira chifukwa cha kuthamanga. Tiyambe taika mlendo." Anakhala pa mpando, chingwe chili pamiyendo, nayankhula motsitsa, osati kwa munthu aliyense. "Ndalizira mudzi wonse. Ine ndidzapita duu ngati nkhuku."

Apo kuseka kunandithera. Ndinachita manyazi, ndipo ndinadzida. Ndinati ndidikire anthu achepe ndiwauze pambali, chifukwa kunena pagulu, anyamata ali ndi mapiki m'manja, kukanakhala kupezera dzenje lija eni ake enieni anayi.

Dzenje litatsala pang'ono, mayi Modesta analowetsa anamfedwa m'chipinda mmene munali bokosi kuti atsanzikane ndi mnzawo paokha. Anauzanso Suti kuti iyeyo, poti ndiye ankaoneka wosweka mtima kwambiri, adzayankhula kumanda m'malo mwa abale. Chitseko chitatsekedwa, Pulofesa anatulutsa pulani yachiwiri, yotulutsira belu pawindo. Anazula misomali. Windo la mayi Modesta ndi loti mphaka wonenepa amaganiza kawiri.

"Pulani yachitatu," anatero Pulofesa. "Tiwasiye alikwirire. Tidzafukula sabata yamawa."

"Ndi jekete langa?" anatero Suti.

"Iwe, jekete n'chiyani?"

"Ndikayankhule pamaso pa mudzi wonse ndi vesiti iyi? Waona atsikana akwaya aja? Ine si woswa miyala, mani."

"Lero ndiwe woswa miyala."

Koma mayi Modesta anagogoda, Pulofesa anathamangira kuchitseko kukawachedwetsa ndi kulira, ndipo Suti anasolola jekete lake. M'malo mwake anaveka lilime la belu sokosi imodzi. Anatuluka m'chipindamo atavala jekete, ndipo anthu anaganiza kuti ndi la malemu, anamusiyira.

Ulendo wa kumanda sokosi inayesetsa. Amuna ankayenda mwaulemu, kwaya inkaimba mokweza kuti ikwirire kusowa kwa belu, ndipo kutsogolo a Ambrosi ankamenya khasu lakutha ndi mwala, atatsamira pa mkono wa Laurenti. Khasu limalira moipa. Ine ndinkayesa kuwayandikira koma anthu anali atawazinga.

Kumanda, mkulu wa adzukulu anati mwambo wathu ndi wakuti mlendo amalandiridwa m'dzenje ndi amene anadya naye. Anatsitsiramo Pulofesa ndi Dzimbiri. Adzukulu a kwa Nikhuwa sachita zachinyengo pokumba, awiriwo ataimirira mitu siinkaoneka.

Suti anakonza kolala nayamba. Anati malemu Allan Duncan anali munthu wa mawu amodzi. Anati anali wolemera, osati m'thumba, koma onse amene anamunyamulapo akudziwa. Anati ankakonda kudzutsa anzake m'mawa. Anayankhula mpaka mayi Modesta anamukoka jekete.

A Ambrosi anapempha kunenapo mawu. Anavula chipewa, nayang'ana bokosi. "Mlendo, pepani. Kuyambira pamene mudzi uno unakhazikika, ndinu woyamba kulowa muno popanda belu. Si mwano. Mlonda wake ndinagona." Anapukuta m'maso. "Mukakumana ndi bambo anga, musawauze. Ndikubwera ndidzanene ndekha."

Ndinali nditatsegula pakamwa. Ndikulumbira, ndinali nditatsegula. Koma adzukulu anali atakoleka kale zingwe, kwaya inakhala chete kudikira pemphero, ndipo bokosi linayamba kutsika. Amene anagwira chingwe cha kumiyendo ankayembekeza kulemera kwa munthu, amene anagwira cha kumutu anakumana ndi mkuwa. Bokosi linapendekera, linatsika chamutu, linagunda khoma la dzenje.

Linalira. Silinati "ngi" ngati kutchalitchi kuja. Linalira ndi mawu ake onse, kuchokera pansi pa nthaka, kawiri, mpaka akhwangwala anauluka m'mitengo ya kumanda.

Theka la kwaya linapezeka kunja kwa manda. Mayi uja wosisita Pulofesa anakomoka. A Ambrosi okha sanasunthe. Munthu amene wamva mawu amodzi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi sachita kufunsa kuti wayankhula ndani.

"Tsegulani," anatero.

Chivundikiro chinali chitatseguka kale chokha. Pansi pa dzenje panali belu, zisanza, sokosi imodzi, ndi akuluakulu awiri akulumpha kuyesa kugwira m'mphepete, dothi likuwagumukira m'maso.

"Ichi ndi chozizwitsa," anatero Pulofesa kuchokera pansipo. "Abale, tonse taona. Munthu wasanduka belu."

Suti anayamba kubwerera chambuyo mwaulemu, koma mayi Modesta anali asanasiye jekete lija, ndipo Suti sakanathawa kusiya jekete kachiwiri. Anyamata anayandikira dzenje ndi mafosholo, ndipo mmodzi anafunsa ngati n'koyenera kuti dzenje labwino chonchi lipite pachabe.

"Muno ndi m'manda, simumenyedwa munthu," anatero a Ambrosi. "Atulutseni. Ayambe akweza belu."

Laurenti sanathawe. Anali chiimire pomwepo, mkono wa malume ake ukadali pa mkono wake. A Ambrosi anauchotsa pang'onopang'ono, natsamira ndodo.

Apolisi anati afika madzulo chifukwa cha mlatho, choncho panali nthawi. M'dzenje tinaikamo thunthu la nthochi, poti dzenje silikwiriridwa lopanda kanthu. Belu analimangirira pa mtengo, anayi aja analisenza, ndipo mudzi wonse unawaperekeza kukwera mtunda, kwaya ikumaliza nyimbo zimene inakonzera Allan Duncan. Palibe analandiza. Panjira ndinaulula kwa mayi Modesta zimene ndinamva pa benchi langa, ndipo zimene anandiyankha sindingazibwereze, mpaka lero akandiona amayang'ana kumbali.

Anapuma kasanu. Atafika pa milongoti anagwa pansi ngati matumba. A Ambrosi anayendera belu lonse ndi chikhato kufuna mng'alu, sanaupeze. Anatenga sokosi ija, imene anyamata anaitola m'dzenje, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana jekete la Suti, kenaka mphwawo.

"Kuba sindikukudzudzula kwambiri, Laurenti, ndi kwa pamtundu," anatero. "Koma agogo ako analiba kwa mzungu wa mfuti ndi agalu, anayenda nalo masiku khumi ndi anayi opanda malaya, belu osalira ngakhale kamodzi. Iwe waliba kwa nkhalamba yogona, muli anayi, ndipo mwalephera kudutsa nalo pa mjigo."

Laurenti anagwada. "Malume, mundiphunzitsabe chingwe?"

A Ambrosi anamanga chingwe pa belu, anakoka mfundo ndi mano, anadikira anayi aja alipachike pa mtanda, nayang'ana anthu onse amene tinaima pamenepo. Anapereka nsonga yake kwa mayi Modesta.

"Kokani, mayi, ndimve mmene mudzandilizire," anatero.